Kasitomala Wakana Kulipira: Mmene Mungalondolere Ndalama Zanu ku Khoti Muno mu Johannesburg

Matailosi mwaika, nyumba mwapenta, madiresi a ukwati mwasoka, katundu mwakatula. Tsiku lolipira lafika, mwini ntchito akuti mawa. Mawa likakwana foni ikungoitana, kenaka mwatsekedwa pa WhatsApp. Ambiri a ife kuno ku Joni timathamangira ku polisi, apolisi nkutibweza kuti za ngongole si zawo, ndiye timangokhala pansi nkumati Mulungu ndiye akudziwa. Zimandiwawa, chifukwa ndalama zimenezi ndi za lendi, za fizi ya ana kumudzi, za feteleza.

Dziko lino lili ndi khoti limene analikonzera ngongole zing'onozing'ono ngati zimenezi. Dzina lake ndi Small Claims Court, ndipo limapezeka m'makhoti a majisitireti monga la ku Randburg, la ku Roodepoort, la ku Protea ku Soweto ndi ena. Maloya saloledwa kuimira munthu kumeneko, ndipo kutsegula mlandu ndi kwaulere. Amene amagwa nthawi zambiri mlandu wawo umakhala wabwinobwino. Chimawagwetsa ndi kudumpha ndondomeko, kulemba dzina lolakwika, kapena kufika chimanjamanja opanda pepala.

## Zofunika kusonkhanitsa musanayambe

- Pasipoti yanu kapena chiphaso china chokhala ndi chithunzi chanu.
- Dzina lonse la munthu kapena kampani imene ili ndi ngongole yanu, pamodzi ndi adiresi ya kumene amakhala kapena kumene amagwira ntchito. Nambala ya foni yokha sikwanira.
- Chosonyeza kuti munagwirizana: kotesheni, kontirakiti, invoisi, kapena mauthenga a pa foni amene munakambirana mtengo.
- Chosonyeza kuti mbali yanu munaikwaniritsa: zithunzi za ntchito isanayambe ndi itatha, malisiti a zipangizo, pepala limene anasaina polandira katundu.
- Sitetimenti ya ku banki kapena mauthenga osonyeza ndalama zimene analipirako kale.
- Mboni imene inaona ndi maso ake, ngati ilipo.
- Faelo imodzi yosungiramo zonsezi, ndi makope atatu a pepala lililonse.
- Ndalama pang'ono za fotokope, za takisi ndi za sherifu, mthenga wa khoti amene adzapereke chisamani.

## 1. Onetsetsani kuti mukugogoda pa khomo loyenera

Small Claims Court imamva milandu ya ndalama zosapitirira malire amene nduna ya zachilungamo imaika. Mu 2019 malirewo anaikidwa pa R20,000. Nduna ili ndi mphamvu zowasintha, choncho funso lanu loyamba kwa kalaliki wa khoti likhale lakuti malire ali pati lero.

Ngati ngongole yapitirira pang'ono, mwachitsanzo R23,000 pamene malire ndi R20,000, lamulo limakulolani kusiya zapamwambazo nkusumira zotsalazo. Koma zimene mwasiyazo mwazisiyiratu, simudzazitsatanso. Kwa ine, kutaya R3,000 kuti mupeze R20,000 popanda loya ndi malonda abwino. Kutaya R30,000 ayi.

Chenjezo: musagawe ngongole imodzi pawiri kuti ilowe m'malire. Ntchito imodzi ya R36,000 simungaisandutse milandu iwiri ya R18,000. Lamulo limakana zimenezi.

Khoti limeneli ndi la munthu payekha. Ngati mumagwira ntchito m'dzina lanu, khomo ndi lotsegula. Ngati munalembetsa kampani ya (Pty) Ltd ndipo invoisi inatuluka m'dzina la kampaniyo, kampaniyo singatsegule mlandu kuno, iyenera kupita ku khoti la majisitireti. Kusumira kampani ndiye nkololedwa. Boma ndi makhonsolo monga City of Johannesburg sangasumiridwe ku khoti limeneli.

Nkhani zina zili ndi kwawo. Ngati munalembedwa ntchito ya pamwezi, kaya ya m'nyumba, ya m'galadeni kapena ya mu shopu, ndipo akumanani malipiro kapena akuchotsani mosatsata njira, pitani ku CCMA, bungwe loweruza mikangano ya pa ntchito, ndipo nkhani ya kuchotsedwa ntchito iyenera kukafika kumeneko pasanathe masiku 30. Ngati landilodi wakana kubweza dipoziti ya nyumba yogona, kuli Rental Housing Tribunal ya Gauteng, yaulere. Ndipo ngati munasaina kontirakiti ndi kampani yaikulu ya zomangamanga, iwerengeni mpaka kumapeto, chifukwa ambiri mwa mapepala amenewa amanena kuti mkangano ukabuka upite kaye kwa woweruza wapadera amene mbali zonse zinavomereza, osati ku khoti.

## 2. Werengani zaka

Ngongole imafa. Lamulo la Prescription Act la 1969 limati ngongole wamba ikatha zaka 3 kuchokera tsiku limene inayenera kulipiridwa, amene akuyenera kulipirayo akhoza kungouza khoti kuti nthawi inadutsa, ndipo nkhani yathera pomwepo.

Zinthu ziwiri zimaimitsa nthawiyi. Choyamba ndi pamene iye wavomera kuti ngongole alidi nayo, kaya polemba uthenga wakuti “ndikupatsani kumapeto kwa mwezi”, kaya polipirako pang'ono. Akatero zaka zitatu zija zimayambiranso. Chachiwiri ndi pamene chisamani cha khoti chaperekedwa kwa iye.

Chenjezo: kalata yanu yomukumbutsa, ngakhale mutailemba kakhumi, siimitsa nthawi. Kupita kwanu ku Malawi kukakhala chaka chonse sikuimitsanso.

## 3. Dziwani amene mukumusumira

Apa ndi pamene milandu yambiri ya abale athu imafera, ndiye ndichedwapo pang'ono.

Tili ndi chizolowezi chodziwa anthu ndi maina ongowaitanira: bwana wa bakkie yoyera, mayi a ku Cosmo City, mzungu wa ku Fourways. Khoti silingagamule mlandu wa munthu wopanda dzina. Dzina lenileni lifufuzeni pa mauthenga a ku banki a ndalama zimene anakutumiziranipo, pa kotesheni imene anasaina, pa chikwangwani cha pa saiti, kapena pa zolembedwa pa galimoto ya kampani.

Kenaka dzifunseni funso ili: ndinagwirizana ndi munthuyo payekha kapena ndi kampani yake? Pamaso pa lamulo awa ndi anthu awiri osiyana. Ngati oda inachokera ku kampani, mumasumira kampaniyo ndi dzina lake lonse monga linalembetsedwera. Mukasumira mwini wake pamene ngongole ndi ya kampani, adzangoyankha kuti iye sanagule kanthu kwa inu, ndipo mwataya miyezi pachabe.

Makampani onse a dziko lino amalembetsedwa ku CIPC. Pa tsamba lawo la pa intaneti, kapena pa BizPortal, mukhoza kufufuza dzina la kampani, nambala yake ndi mmene ilili panopa. Nambala ya kampani ya (Pty) Ltd imathera ndi /07, ya CC (close corporation, mtundu wakale wa kampani yaing'ono) imathera ndi /23. Lembani nambala imeneyi ndi adiresi imene kampaniyo inalembetsa, chifukwa sherifu akhoza kukasiya chisamani kumeneko.

Yang'anitsitsani mmene kampaniyo ilili. Kampani ikapanda kupereka malipoti ake a pachaka kwa zaka ziwiri, CIPC imayamba kuichotsa m'kaundula. Kuyambira 2023 makampani akuyeneranso kuulula eni ake enieni, ndipo kuyambira pa 1 July 2024 CIPC silandira lipoti la pachaka la kampani imene sinaulule. Kampani yochotsedwa m'kaundula ili ngati kulibe, simungaisumire mpaka itabwezeretsedwa. Mukapeza kuti ili pansi pa ndondomeko yoipulumutsa imene amati business rescue, lamulo limaimitsa kaye milandu yoisumira, ndipo ngongole yanu muyenera kukailembetsa kwa munthu amene waikidwa kuti ayendetse kampaniyo. Mukakumana ndi zimenezi, funsani odziwa malamulo musanataye ndalama kwa sherifu.

Chenjezo kwa amisiri a pa saiti: mumasumira amene anakupatsani ntchito. Ngati mwini nyumba ku Northcliff analemba kontirakitala, kontirakitalayo nkulemba inu, ngongole yanu ili kwa kontirakitala, ngakhale matailosi anu ali m'nyumba ya mwiniyo. Ndipo kontirakitala akamati “nanenso sanandilipire”, imeneyo ndi nkhani ya awiriwo, pokhapokha ngati munasainirana kuti inu mudzalandira iye akalandira.

## 4. Sanjani umboni

Mgwirizano wa pakamwa ndi mgwirizano ndithu, khoti limauvomereza. Vuto ndi kuutsimikiza pamene winayo akukana. Mwamwayi, lamulo la 2002 lokhudza mauthenga a pa makina limalola kuti uthenga wa pa foni kapena imelo ukhale umboni.

Jambulani mauthenga onse lero lomwe, iye asanawafufute. Chithunzi chilichonse chionetse tsiku ndi nambala yake ya foni, osati dzina limene inu munamusungira. Pitani kukasindikiza pa pepala. Mauthenga a mawu asungeni, ndipo lembani pa pepala zimene akunena. Ngati munkalemberana m'Chichewa kapena m'Chiyao ndi Mmalawi mnzanu, konzani kumasulira kwake m'Chingelezi.

Kenaka tengani pepala limodzi, mulembe nkhani yonse motsata masiku: tsiku logwirizana, mtengo, tsiku loyamba ntchito, tsiku lomaliza, zimene analipira, zimene zatsala. Masamu akhale oonekera. Mwachitsanzo: mtengo R21,000, dipoziti R6,500, zotsala R14,500. Musawonjezere ndalama za mkwiyo kapena za tulo timene simunagone. Nambala imodzi yokokomeza imachititsa kuti woweruza akayikire zonse.

## 5. Yesani kukambirana, koma zolembedwa

Ena amaona ngati kukhala pansi ndi munthu amene wakudyera ndalama ndi kufooka. Makhoti a kuno aganiza mosiyana. Kuyambira 2020 aliyense wotsegula mlandu ku khoti lalikulu amayenera kunena ngati akuvomera kapena kukana kupita kwa mkhalapakati. Ku Gauteng zinafika poti masiku ozengera milandu ankaperekedwa a m'chaka cha 2031, ndiye mu April 2025 mkulu wa majaji a chigawochi panthawiyo, Dunstan Mlambo, analamula kuti mlandu wa pakati pa anthu kapena makampani usapatsidwe tsiku lozengedwa pokhapokha eni ake atabweretsa lipoti la mkhalapakati. Lamulo limeneli ndi la khoti lalikulu ku Johannesburg ndi ku Pretoria, silikhudza Small Claims Court. Komabe likutiphunzitsa kanthu: ngakhale makampani a ku Sandton okhala ndi maloya ambirimbiri akukakamizidwa kukambirana kaye.

Ifenso tili nawo ankhalapakati athu: abusa, a shehe, mkulu wa bungwe la maliro la anthu a kwanu, kapena munthu amene anakulumikizani ndi kasitomalayo. Sankhani amene winayo amamuchitira manyazi.

Chofunika ndi chakuti zimene mwagwirizana zilembedwe. Pepalalo linene dzina lake lonse, nambala ya chiphaso chake, adiresi yake, ndalama zimene akuvomera kuti ali nazo, masiku ndi kuchuluka kwa zimene azilipira, ndiponso kuti akaphonya kamodzi ndalama zonse zotsala zidzafunika nthawi imodzi. Asaine iye, mboni ziwiri zisainenso. Pepala limeneli limayambitsanso zaka zitatu zija, ndipo likafika ku khoti mlandu umakhala waufupi.

Akakupatsani R11,000 lero pa ngongole ya R14,500 kuti nkhani ithe, ganizani bwino musanakane. Akuluakulu anati fodya wako ndi amene ali pamphuno, wa pachala ndi wa mphepo. Koma ngati mukulandira ngati gawo chabe la ngongole, lembani pa lisiti kuti zotsala ndi zakutizakuti. Musasaine pepala lolembedwa kuti “full and final settlement” ngati mukufunabe zotsalazo, chifukwa mawu amenewo amatanthauza kuti nkhani yatsekedwa.

## 6. Perekani kalata yoitanitsa ndalama

Kukambirana kukakanika, lamulo likufuna kuti mumupatse kalata yomupatsa masiku 14 kuti alipire. Popanda kalata imeneyi kalaliki sakutsegulirani mlandu. Fomu yake imapezeka kwa kalaliki wa Small Claims Court komanso pa tsamba la unduna wa zachilungamo, ndipo kalaliki amathandiza kulemba kwaulere.

Kalatayo ikhale ya m'Chingelezi, yaifupi, yopanda chipongwe kapena kuopseza. Inene kuti ndinu ndani, munagwirizana chiyani ndipo liti, mwachita chiyani, ndalama zotsala ndi zingati, azilipire kuti, ndi kuti masiku 14 akatha mupita ku khoti.

Iperekedwe pamanja kapena pa positi yolembetsa. Popeza nthambi zambiri za positi ofesi zinatsekedwa, ine ndimalangiza pamanja. Pitani ndi makope awiri ndi mboni. Iye asaine kope lanu ndi kulembapo tsiku. Akakana kusaina, musakangane naye, siyani kalatayo, ndipo mukalumbire pa pepala kuti munaipereka tsiku lakuti, malo akuti, kwa uje. Kulumbira kotere kumachitika ku polisi kwaulere.

Chenjezo: kutumiza chithunzi cha kalatayo pa WhatsApp ndi kwabwino ngati chowonjezera, koma musadalire chimenecho chokha. Ndipo masiku 14 amayamba tsiku limene iye walandira, osati limene inu munalemba. Kuti musabwezedwe, werengani masiku a ntchito okha, osaphatikiza Loweruka, Lamlungu ndi maholide.

## 7. Katengeni chisamani kwa kalaliki

Masiku aja akatha, pitani kwa kalaliki ndi faelo yanu, kalata ija ndi umboni woti inaperekedwa. Khoti loyenera ndi la dera limene amene mukumusumirayo amakhala, amagwira ntchito kapena amachitira bizinesi, kapena la dera limene nkhani yonse inachitikira. Kukhala kwanu ku Rosettenville sikukupatsani ufulu wosumira m'tauni munthu wa ku Kempton Park amene munamugwirira ntchito kwawo komweko.

Kalaliki adzakuthandizani kulemba chisamani ndipo adzakupatsani tsiku la mlandu. Pomwepo muuzeni ngati mukufuna womasulira. Chichewa sichili m'gulu la zilankhulo za boma za dziko lino, choncho womasulira sapezeka tsiku lomwelo ngati simunanene msanga. Musachite manyazi pa zimenezi. Chingelezi cha pa saiti ndi china, cha kufotokoza mlandu muli ndi mantha ndi china.

Chisamani mukhoza kukapereka nokha m'manja mwa munthuyo, kapena kulipira sherifu wa dera lakelo. Lipirani sherifu. Iye amalemba pepala lotsimikiza kuti anapereka, ndipo winayo sangadzakane kuti sanaone kanthu. Chisamani chiyenera kufika masiku osachepera 10 tsiku la mlandu lisanakwane, ndiye musagone nacho m'chikwama. Mukatenge pepala la sherifulo nkulibweza kwa kalaliki tsiku lisanafike.

Ambiri amalipira akangoona sherifu pa geti. Zikatero mupatseni lisiti ndipo mukadziwitse kalaliki kuti nkhani yatha.

## 8. Tsiku la mlandu

Woweruza wake amatchedwa Commissioner, ndipo kawirikawiri amakhala loya amene wadzipereka kugwira ntchitoyi popanda malipiro. Nchifukwa chake makhoti ambiri otere amakumana madzulo anthu ataweruka. Funsani kalaliki nthawi yeniyeni, ndipo konzani za mayendedwe obwerera usiku.

Fikani msanga ndi mapepala enieni, makope ake ndi mboni zanu. Mboni ibwere pamaso pa khoti, musadalire kalata yake yokha. Commissioner ndi amene amafunsa mafunso mbali zonse. Inu simufunsa mnzanuyo pokhapokha mwaloledwa. Yankhani zimene mwafunsidwa, tsatani pepala lanu la masiku lija, ndipo winayo akamanama musamudule mawu, lembani pambali mudzayankhe nthawi yanu ikafika.

Konzekerani yankho limene pafupifupi onse amabwera nalo: “ntchito yake inali yoipa.” Apa ndi pamene zithunzi zimagwira ntchito, pamodzi ndi uthenga uja anakulemberani kuti zakongola, kapena umboni woti sanadandaulepo mpaka tsiku limene munaitanitsa ndalama. Ngati penapake panalakwikadi, vomerani ndipo nenani mtengo wokonzera. Woweruza amakhulupirira munthu amene wavomera cholakwa chaching'ono kuposa amene akuti zonse zinali bwino. Dziwaninso kuti winayo ali ndi ufulu wobweretsa dandaulo lake pa inu pa mlandu womwewo.

Iye akapanda kubwera pamene chisamani analandira, Commissioner akhoza kugamula iye kulibe. Inu mukapanda kubwera, mlandu wanu umachotsedwa.

Chenjezo: chigamulo cha khoti limeneli chilibe apilo. Khoti lalikulu likhoza kuchiunikanso pa zifukwa zochepa zokha, monga kukondera, ziphuphu, kapena kuphwanya kwakukulu kwa ndondomeko. Mwayi ndi umodzi, musasiye pepala kunyumba poganiza kuti mudzabweretsa ulendo wina.

## 9. Sandutsani chigamulo kukhala ndalama

Kupambana mlandu sikutanthauza kuti ndalama zalowa m'thumba, ndipo khoti silidzakutolererani lokha. Mukangopambana, iye akadali pomwepo, pemphani Commissioner amufunse za mmene amapezera ndalama ndipo alamule kalipiridwe, kaya zonse nthawi imodzi kaya mwezi ndi mwezi.

Akapanda kulipira m'masiku 10 kapena m'nthawi imene khoti lanena, bwererani kwa kalaliki. Nkhani imasamukira ku khoti la majisitireti, kumene mumatenga chikalata chopatsa sherifu mphamvu yolanda katundu wake ndi kumugulitsa pa okushoni. Sherifu amafuna ndalama zake patsogolo, ndipo zimawonjezedwa pa ngongole ya winayo. Muthandizeni sherifu pomuuza kumene kuli galimoto, makina kapena katundu wa mu shopu, chifukwa akapita nkupeza palibe chogwira, ndalama zanu za ulendowo zapita. Majisitireti akhozanso kumuitana munthuyo kuti adzafotokoze za chuma chake, ndi kulamula kuti azidulidwa pa malipiro ake ngati ali pa ntchito.

Ngongole ya chigamulo cha khoti imakhala zaka 30. Amene lero alibe kanthu akhoza kudzakhala nako, choncho pepala la chigamulo lisungeni pamodzi ndi pasipoti.

## Ngati ndalama ndi zambiri, kapena wodandaula ndi kampani yanu

Khoti la majisitireti la m'boma limamva milandu yofika R200,000, la chigawo mpaka R400,000, ndipo zoposa apo zimapita ku khoti lalikulu la pa Pritchard Street. Kumeneko ndondomeko ndi yovuta, ndipo wogonja nthawi zambiri amalipira gawo la ndalama za loya wa mnzake. Musanalembe loya, mufunseni mtengo polemba, ndipo mufunseni mosabisa ngati amene mukumusumirayo ali ndi katundu woti nkugwira. Ngati thumba silikulola, yambani mwafunsa ku Legal Aid South Africa, ku Wits Law Clinic kapena ku ProBono.Org. Amaona kaye mapezedwe anu ndi mtundu wa mlandu asanakulandireni.

Konzaninso m'nyumba mwanu. Ngati muli ndi kampani, onetsetsani kuti malipoti a pachaka ndi za eni ake zili bwino ku CIPC, chifukwa kampani yochotsedwa m'kaundula singasumire munthu. Ngati mumagulitsa zakudya kapena muli ndi spaza, mukukumbukira kuti ana atamwalira ku Naledi ku Soweto mu 2024, Pulezidenti Cyril Ramaphosa analamula kuti malo onse otere alembetsedwe ku khonsolo, ndipo tsiku lomaliza linali 28 February 2025. Munthu wofuna kukuberani amadalira mantha anu. Mapepala a bizinesi akakhala m'malo mwake, alibe pokugwirani.

Ndinenepo za nkhani imene ambiri amaopa kufunsa. Gawo 34 la malamulo aakulu a dziko lino limati aliyense ali ndi ufulu woti mkangano wake umvedwe ndi khoti. Silinena kuti nzika zokha. Komabe ngati chilolezo chanu chokhalira kuno chinatha, musapite ku khoti mwachimbulimbuli. Yambani mwalankhula ndi a Lawyers for Human Rights kapena a Wits Law Clinic kuti akuuzeni mmene mungayendere.

## Zolakwa zimene zimabwerezedwa

Kudzilipira nokha. Kukazula geti limene munawotcherera, kutenga makina a kasitomala ngati chikole iye asanalole, kapena kutumiza anyamata kuti akamuopseze. Lamulo la kuno limayamba labwezera katundu kwa amene walandidwa lisanamve za ngongole, ndipo inu amene munali wodandaula mukhoza kugona m'chitolokosi. Kwa mlendo, mlandu wa upandu umawononganso mapepala okhalira.

Kumuyalutsa pa Facebook. Kuika chithunzi chake ndi mawu akuti wakuba kukhoza kukubweretserani mlandu woipitsa mbiri, wa ndalama zoposa ngongoleyo.

Kupitiriza ntchito pa malonjezo. Gawo loyamba likapanda kulipiridwa, imani ndipo mulembereni chifukwa chake. Ngongole ya R8,000 imalowa ku khoti laulere, ikafika R60,000 yafuna loya.

Kulandira ndalama pamanja popanda lisiti, kapena kudzera mu akaunti ya mnzanu. Ambiri timabwereka akaunti chifukwa kutsegula yathu nkovuta. Ngati ndi choncho, lemberani kasitomala uthenga wonena kuti alipire mu akaunti yakuti m'malo mwa inu, ndipo ndalama zikalowa mutumizireni uthenga wonena zimene mwalandira ndi zimene zatsala.

Kupita ndi ngongole ya katapila. Kuyambira 2016, munthu wochita bizinesi yobwereketsa ndalama pa chiwongoladzanja ayenera kulembetsa ku National Credit Regulator ngakhale ndalamazo zikhale zochepa bwanji. Mgwirizano wa wobwereketsa wosalembetsa khoti limauona ngati wosavomerezeka, ndipo chiwongoladzanja chija musachiyembekezere. Pa chifukwa chomwechi, musathire chiwongoladzanja chongopeka pa pepala lovomera ngongole lija.

Kupereka katundu kwa transipota popanda pepala. Firiji kapena njinga ikasowa pa njira ya ku Mwanza, mudzafunika dzina lake lonse, adiresi yake ya kuno, nambala ya galimoto, mndandanda wa katundu umene iye anasaina, ndi malisiti osonyeza mtengo wake. Ngati amakhala kapena amachitira bizinesi muno mu Johannesburg, mukhoza kumusumira konkuno.

Kusintha nambala kapena kusamuka osauza kalaliki. Tsiku la mlandu likasintha, uthenga umapita ku adiresi ndi nambala zimene munalembetsa. Mukasamuka ku Diepsloot kupita ku Turffontein, kapena mukakonza ulendo wa kumudzi mlandu uli mkati, kadziwitseni kalaliki polemba ndipo musunge kope lodindidwa.